Boma la Malawi silinanenepe, ngongole ndiyo ikudya bajeti

Nduna ya zachuma ikangotsiriza kuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, pa wailesi pamamveka mawu a mitundu iwiri. Ena amati boma lakula mopitirira muyeso, likumwaza ndalama, limange lamba. Ena amati boma likumana anthu ake, zipatala zilibe mankhwala, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, choncho liwonjezere ndalama. Mbali zonse ziwiri zimakonda kutchula nambala imodzi: gawo la chuma cha dziko lomwe boma limagwiritsa ntchito pa chaka. Ine ndikuti nambala imeneyi payokha siingathetse mkanganowu, ndipo kuikakamira kwachititsa kuti mpeni uzigwera malo olakwika. Boma la Malawi si lalikulu. Ndi boma la dziko losauka, lomwe ndalama zake zambiri zimakhala zitalonjezedwa kale kwa eni ngongole chaka chisanayambe.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mumaphatikiza ndalama zonse zomwe boma latulutsa m'chaka: malipiro a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali, penshoni, mankhwala, mafuta a galimoto, misewu, fetereza wotsika mtengo ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Mukatero mumagawa ndi GDP, womwe ndi mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zomwe dziko lapanga m'chaka chomwecho, n'kuchulukitsa ndi 100. Kubweza ngongole yeniyeniyo sikulowa m'gulu limeneli, kumalembedwa padera pamodzi ndi ngongole zatsopano. Chomwe chimalowa ndi chiwongoladzanja chokha.

Ku France boma limagwiritsa ntchito pafupifupi 57 peresenti ya GDP. Ku Britain ndi pakati pa 40 ndi 45 peresenti, ku America pakati pa 35 ndi 40, pomwe ku Singapore zaka zambiri siifika ndi 20 yomwe. Malawi ali cha m'ma 25 peresenti, zaka zina kupitirirako. Wofuna kudula amaloza Singapore, wofuna kuwonjezera amaloza France, ndipo onse amaiwala momwe mayikowo anafikira pomwe ali. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe mu 1914, maboma a ku Ulaya ndi America sankafika ndi 20 peresenti yomwe. Katswiri wa zachuma wa ku Germany, Adolph Wagner, anali ataona kale m'zaka za m'ma 1800 kuti dziko likamalemera gawo la boma limakula nalo, chifukwa anthu amayamba kufuna sukulu, zipatala ndi chisamaliro cha okalamba, ndipo amakhala ndi pokhomera msonkho. Ndalama zochuluka za boma la France ndi penshoni ndi chithandizo cha odwala ndi osowa ntchito, zomwe zimangodutsa m'manja mwa boma kuchoka kwa nzika ina kupita kwa ina. Sizikutanthauza kuti boma limapanga 57 peresenti ya katundu wa dzikolo.

Peresenti imabisanso chinthu chachikulu kuposa zonse: peresenti ya chiyani? Chuma cha Malawi mukachigawa kwa anthu opitirira 20 miliyoni, munthu mmodzi safika madola 700 pa chaka. Kota ya ndalama imeneyi ndi cha m'ma madola 150. Boma la France, pa munthu mmodzi, limatulutsa madola opitirira 20,000. Pa madola 150 amenewa ndi pomwe payenera kuchoka mphunzitsi wa mwana wanu, phula la msewu wa M1, wapolisi wa pa siteshoni, mjigo wa m'mudzi, bwalo la milandu ndi chiwongoladzanja. Mu 2014 akatswiri a zaumoyo anawerengera kuti chithandizo choyambirira chenicheni cha chipatala chimafuna madola 86 pa munthu pa chaka m'mayiko osauka. Zaumoyo zokha zingatenge kupitirira theka la zonse zomwe boma lathu lili nazo. Munthu woona zimenezi n'kumanenabe kuti vuto la Malawi ndi kunenepa kwa boma, sanalowe m'wodi ya ana pa chipatala cha boma nthawi ya malungo.

Nambala yomwe timagawira nayo, GDP, nayonso imasuntha. Mu 2020 ofesi yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba inasintha chaka chomwe imayambira kuwerengera chuma, kuchoka ku 2010 kupita ku 2017, ndipo inalowetsamo ntchito zomwe kale sizinkagwidwa bwino. GDP inakwera ndi pafupifupi 38 peresenti papepala. Taonani zomwe izi zimachita. Boma lomwe limagwiritsa ntchito K25 pa K100 iliyonse lili pa 25 peresenti. K100 ija ikasanduka K138, boma lomwelo, osachepetsa ngakhale tambala, lili pa 18 peresenti. Ghana inachita zomwezi mu 2010 ndipo chuma chake chinakwera ndi 60 peresenti. Cha Nigeria mu 2014 chinangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Choncho wina akamayerekeza gawo la boma la 2009 ndi la lero, mufunseni ngati manambala onse awiri agawidwa ndi GDP ya kawerengedwe kamodzi. Kawirikawiri sakhala atatero.

Palinso china. Gawo lalikulu la GDP yathu ndi chimanga, chinangwa ndi mbatata zomwe zalimidwa n'kudyedwa pakhomo pomwepo, osafika pamsika. Owerengera amaziikira mtengo, ndipo amachita bwino, koma MRA singakhometse msonkho nkhokwe ya mlimi. Chuma chomwe chimayenda ndi ndalama ndi chochepa kuposa GDP, ndiye katundu yense wa msonkho amagwera anthu ochepa omwe ali pa ntchito yolembedwa ndi makampani olembetsedwa. N'chifukwa chake mphunzitsi woona PAYE pa pepala lake la malipiro amamva ngati boma ndi lolemera pamsana pake, ngakhale kuti pa dziko lonse boma ndi laling'ono. Zonse ziwiri ndi zoona. Ndipo chaka cha tsoka, monga 2022 pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kapena 2023 pomwe Freddy anasesa maboma a kummwera, chuma chimafooka pomwe zofunika zikuchuluka, ndiye peresenti imakwera popanda wina kusankha kuti boma likule. Ngakhale France inadutsa 60 peresenti mu 2020 chifukwa cha Covid-19.

Tsopano za nambala ya pamwamba, ya ndalama zotuluka. Siikhala yathunthu. Makampani a boma monga ESCOM, NOCMA, ADMARC ndi mabungwe a madzi ali ndi mabuku awoawo. Akamagulitsa pamtengo wosabweza zomwe alowetsa, kapena akakongola boma litawaimira chikole, zimenezo sizioneka m'bajeti mpaka tsiku lomwe alephera kubweza. Mu 2017 boma linasenza ngongole ya ADMARC ya K45 biliyoni ku mabanki, ndalama yomwe inali itagwiritsidwa kale ntchito pogula chimanga. Mtengo wa mafuta ukagwiridwa pansi pa mtengo weniweni, kusiyana kwake kumaunjikana ngati ngongole kwa oitanitsa mafuta, ndipo ndalama zokonzera misewu zomwe zimatoleredwa pa lita iliyonse zimachedwa kufika komwe zikuyenera. Pali ngongole za makontilakita ndi ogulitsa katundu ku boma: msewu wamangidwa, chakudya cha kundende chaperekedwa, koma poti ndalama sinatuluke, mabuku akuonetsa ngati boma silinagwiritse ntchito kanthu. Patapita zaka, ngongolezo zimasandutsidwa mapepala olonjeza kudzalipira, n'kuyamba kubala chiwongoladzanja. Wogulitsa yemwe anadikirapo zaka ziwiri, ulendo wotsatira amaika mtengo wowirikiza. Anzathu a ku Mozambique anaona mapeto a njira imeneyi mu 2016, pomwe zinaululika kuti boma linaimira chikole ngongole za pafupifupi madola 2 biliyoni za makampani atatu popanda chilolezo cha aphungu.

Mbali ina, ntchito zambiri zomwe anthu amaziona ngati za boma zimalipiridwa ndi mayiko ndi mabungwe akunja, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo silidutsa ku Treasury, nthambi yosunga thumba la boma. Ma ARV, masikito, katemera, phala la m'sukulu zambiri: mwini ndalama ndi wina. Ngakhale Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, kwa zaka zambiri boma lakhala likumulipirira lokha m'boma limodzi, Thyolo, kwina konse ndi ndalama za abwenzi akunja. Pomwe boma la America linadula chithandizo chake mu 2025, dzenje linaonekera m'zipatala, osati m'peresenti ya bajeti.

Ndiye ngati nambalayi ili ndi mabowo pamwamba ndi pansi, tiyang'ane pati? Tiyang'ane ndondomeko yomwe ndalama zimatulukira, chifukwa bajeti ili ndi akulu ndi ana. Zoyamba kutuluka ndi zomwe malamulo amakakamiza, zomwe aphungu sazivotera chaka ndi chaka: chiwongoladzanja, penshoni ndi zina zotere. Zachiwiri ndi malipiro, pakuti palibe boma lomwe lingalimbe mtima kudumphitsa mwezi wa aphunzitsi ndi asilikali. Kenako fetereza wotsika mtengo, yemwe chipani chilichonse chimaopa kumukhudza. Zotsala ndi zomwe ogwira ntchito m'boma amazitchula ORT, ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku: mafuta a ambulansi, choko ndi mabuku, chakudya cha odwala, bilu ya madzi ndi magetsi, njinga yamoto ya mlangizi wa zaulimi. Pomalizira penipeni pamakhala chitukuko, chomwe chili pawiri: Part 1 ya ndalama zakunja ndi Part 2 ya ndalama zathu. Misonkho ikaperewera pakati pa chaka, Treasury siingachepetse chiwongoladzanja, siingachepetse malipiro. Imadula ORT ndi Part 2. Namwino walipidwa koma alibe magolovesi. Mlangizi walipidwa koma sangafike kumunda. Ndalama ya malipiroyo yatuluka, yalowa m'peresenti, koma ntchito yake sinaoneke.

Manambala a bajeti ziwiri zotsatizana akuonetsa nkhani yonse. Bajeti ya 2024/25, monga inaperekedwera ku Nyumba ya Malamulo, inali pafupifupi K6 thiriliyoni, ndipo chiwongoladzanja chinali pafupifupi K1.5 thiriliyoni. Ya 2025/26 inapitirira K8 thiriliyoni, chiwongoladzanja kupitirira K2.1 thiriliyoni. Womva pa wailesi amati boma lawonjezera K2 thiriliyoni m'chaka chimodzi. Koma chotsanimo chiwongoladzanja: zotsala zinachoka pa K4.5 thiriliyoni kufika pa K5.9 thiriliyoni, kukwera ndi pafupifupi 30 peresenti, m'nyengo yomwe mitengo ya zinthu inkakweranso ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Ndalamazo zimagula katundu wofanana ndi wa chaka chatha, pomwe anthu awonjezekera ndi theka la miliyoni. Chomwe chinakuladi ndi chiwongoladzanja, chomwe chinaposa malipiro a ogwira ntchito m'boma onse pamodzi, ndipo chinaposanso zomwe unduna wa zaumoyo kapena wa zamaphunziro unapatsidwa. Pa kwacha zinayi zilizonse za m'bajeti, imodzi inapita kwa obwereketsa.

Zinafika bwanji pamenepa, poti mu 2006 ngongole zathu zambiri zakunja zinakhululukidwa pansi pa ndondomeko ya HIPC? Chomwe chinasintha ndi gwero la ndalama zotsekera mpata wa pakati pa zolowa ndi zotuluka. Isanafike 2013, abwenzi akunja ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti. Cashgate itaululika chaka chimenecho, pomwe kafukufuku anapeza kuti ndalama zosachepera K13 biliyoni zinasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha kudzera m'makina olipirira a IFMIS, abwenziwo anasiya kuika ndalama m'thumba la boma. Zogwiritsa ntchito sizinatsike molingana, misonkho sinakwere molingana, ndipo mpatawo unayamba kutsekedwa ndi ngongole za m'dziko momwemo. M'zaka zaposachedwa mpata umenewu wakhala ukufika cha m'ma 10 peresenti ya GDP, pomwe mayiko a SADC anagwirizana kuti usamapitirire 3 peresenti, ndipo ngongole yonse yadutsa 80 peresenti ya GDP pomwe mlingo wa SADC ndi 60.

Ngongole sizifanana. Ya IDA, nthambi ya World Bank yobwereketsa mayiko osauka, mu 2024 inkalipitsa 0.75 peresenti pa chaka ndipo inkabwezedwa m'zaka 38. Ya m'dziko muno, mu 2024, pomwe Banki Yaikulu inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ma Treasury bill (mapepala a ngongole za boma) a chaka chimodzi ankalipiranso 26 peresenti. Mukakongola K100 biliyoni pamtengo umenewu, chaka chikatha mufunika K26 biliyoni ya chiwongoladzanja. Mukakongolanso kuti mulipire chiwongoladzanjacho, pakatha zaka 3 ngongole ija yafika K200 biliyoni, popanda kalasi imodzi yomangidwa. Aliyense yemwe anaonapo mnansi wake akutenga katapila wachiwiri kuti atseke woyamba akudziwa komwe zimathera. N'zoona kuti kukwera mitengo kwa zinthu kumachepetsako kulemera kwa ngongole ya kwacha, koma kumatero podya malipiro a wogwira ntchito ndi ndalama za wosunga ku banki, ndipo umenewo ndi msonkho womwe aphungu sanauvomereze. Ngongole yakunja nayo ili ndi mbola yake: mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo ngongole ya madola 100 miliyoni inadumpha kuchoka pa K118 biliyoni kufika pa K170 biliyoni usiku umodzi.

Kuwonongeka sikuthera m'bajeti. Banki yomwe ingapeze 26 peresenti pobwereketsa boma ilibe chifukwa chovutikira ndi mlimi wa soya wa ku Mchinji kapena mwini fakitale ya mafuta ophikira ku Kanengo. Ikamubwereketsa, imamulipitsa zoposa pamenepo. Bizinesi sizikula, ntchito sizipezeka, misonkho siikula, GDP yomwe tikugawira nayo imakwawa pang'onopang'ono kuposa kuchuluka kwa anthu. Apa ndi pomwe odandaula za kukula kwa boma ali ndi mfundo yoona, koma kukula komwe kukupweteka ndi kwa kukongola, osati kwa chiwerengero cha anamwino.

Ena amati boma lingokana kulipira ngongole za m'dziko, kapena lizidule mokakamiza. Tisanaombe m'manja tidziwe eni ake. Mapepala a ngongole za boma ali m'manja mwa mabanki omwe amasunga ndalama zathu, makampani a inshulansi ndi mathumba a penshoni a ogwira ntchito. Ghana itakonzanso ngongole zake za m'dziko mu 2022 ndi 2023, mabanki analuza ndalama zambiri, ndipo okalamba opuma pantchito anakatchinga pakhomo pa unduna wa zachuma ku Accra kudandaula za ndalama zawo. Kukambirana ndi obwereketsa kuti nthawi italikitsidwe ndi chiwongoladzanja chitsike n'kotheka, ndipo mwina n'kosapeweka, koma kuyenera kuchitika poyera, mawerengero a yemwe aluze ali patebulo.

Ena amati yankho ndi kudula chilichonse mpaka zolowa ndi zotuluka zifanane. Tinayesapo. Bajeti ya 2011/12, pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, inatchedwa yopanda mpata: boma linati zoyendetsera ntchito zonse lizilipira ndi misonkho yathu, abwenzi akunja atanyanyala. Misonkho yatsopano inabwera mothamanga, ndalama zakunja zinasowa, mizere ya mafuta inatalika, ngongole kwa ogulitsa katundu zinaunjikana mwakachetechete, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti manambala a misonkho yotoleredwa anakometseredwa ndi ndalama zokongola ku mabanki. Mpata sunathe, unangobisika. Lamulo la "unduna uliwonse uchepetse 10 peresenti" limagwira chimodzimodzi: mlembi wa unduna sangachotse anthu ntchito, ndiye amadula mafuta a ambulansi n'kusiya msonkhano wa kunyanja.

Sindikuteteza kusakaza. Kulipo, ndipo kumawawa kwambiri chifukwa chakuti ndalama ndi zochepa. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 mu 2021 anapeza ndalama zambiri zitathera ku ma alawansi ndi kugula kosatsata malamulo. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipiridwa ku kampani ya ku Britain kuti ibweretse fetereza, fetereza wake osabwera. Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma chaka ndi chaka amabwereza nyimbo imodzi: malipiro opanda zikalata, mafuta osalembedwa, katundu wolipiridwa koma osafika. Galimoto zodula za akuluakulu, maulendo a magulu aakulu kunja, ogwira ntchito a mizukwa pa ndandanda wa malipiro, zonsezi zithe. Koma tiziyike pa sikelo. K6.2 biliyoni ija, ngakhale yonse ikanabedwa, siikwana chiwongoladzanja cha masiku awiri m'bajeti ya 2024/25. Kuthetsa kusakaza n'kofunika pa chifukwa china chachikulu: ndiko kungabweze chikhulupiriro cha okhoma misonkho ndi cha abwenzi omwe amapereka ndalama zaulere kapena zotsika mtengo. Cashgate inatidyera zambiri kudzera m'ngongole zodula zomwe zinabwera pambuyo pake kuposa zomwe akubawo anatenga.

Nkhani ya fetereza ikufuna kulimba mtima kwapadera. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inayamba mu 2005/06, ndipo mu 2008/09, mitengo ya fetereza itakwera padziko lonse, inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse. AIP, ndondomeko yomwe inalowa m'malo mwake, inayamba mu 2020/21 ndi K160 biliyoni, thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Pofika 2022/23 mlimi ankalipira K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chinkatsika chaka ndi chaka. Pomwe mtengo wa mlimi wakhomeredwa pamalo amodzi, kukwera kulikonse kwa mtengo wa kunja ndi kugwa kulikonse kwa kwacha kumagwera boma, ndipo ndalama zake ndi zakunja zomwe tikusowa. Mu 2003 ku Maputo mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi ndi mmodzi mwa ochepa omwe akhala akukwanitsa. Koma takwanitsa pogula fetereza, alangizi, ulimi wothirira, kafukufuku wa mbewu ndi misewu ya kumunda zikutsalira. Fetereza akafika mu January chimanga chitakula kale, kapena mvula ikadula ngati mu 2024, ndalamayo yalowa m'madzi, ndipo boma limagulanso chimanga chothandizira anthu omwewo. Apanso peresenti inakwanira, njala osatha. Lonjezo la ku Abuja la 2001, la 15 peresenti ku zaumoyo, lingakwaniritsidwenso mwa njira yomweyo osachiritsa munthu.

Za misonkho zimakambidwa mochepa chifukwa sizikoma m'makutu. Boma lathu limatolera misonkho yosafika 15 peresenti ya GDP zaka zambiri, mlingo womwe IMF ndi World Bank amautenga ngati poyambira kuti boma ligwire ntchito zake. Kukweza VAT kapena PAYE ndi njira yachidule, koma kumafinya anthu omwewo omwe akufinyidwa kale. Ndalama zomwe zikutsala zili kwina: katundu wolowa popanda msonkho chifukwa cha makalata apadera, eni nyumba za lendi m'mizinda omwe salemba kalikonse, amalonda aakulu omwe amadzibisa ngati mavenda, katundu wolembedwa mtengo wabodza pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe. Ndipo migodi. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, unapatsidwa mwayi wolipira 1.5 peresenti kenako 3 peresenti m'malo mwa 5 peresenti ya mtengo wa miyala, ndipo bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linaluza madola 43 miliyoni m'zaka 6 chifukwa cha zochotsera zotere ndi njira zina zozembera msonkho. Mapangano a migodi ya Kangankunde ku Balaka ndi Kasiya ku Lilongwe ndi omwe adzanene ngati zimenezi zidzabwerezedwe. Msonkho wokhululukidwa ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito ngati ina iliyonse, kungoti siilembedwa m'bajeti.

Pangano la ndalama ndi IMF la November 2023, la pafupifupi madola 175 miliyoni, linafa lokha mu May 2025 chifukwa panadutsa miyezi 18 popanda kuunika kumodzi komwe kutsirizidwa. Kaya munthu amaikonda IMF kaya ayi, chomwe chinalephereka ndi chomwe tikanayenera kuchita ngakhale popanda iwo: kuchepetsa mpata pakati pa misonkho ndi zogwiritsa ntchito zosakhala chiwongoladzanja. Mpata umenewo ndi womwe umanena ngati tikukumbabe dzenje kapena tasiya. Ukatsekedwa, boma limangokongola zolipirira ngongole zakale. Mabanki amatsala ndi ndalama zofuna wobwereka, chiwongoladzanja chimayamba kutsika, ndipo chaka chilichonse chotsatira malo a mankhwala ndi mabuku amakula popanda kukweza msonkho. Kutsika kwa mapointi 5 okha pa ngongole ya K10 thiriliyoni ndi K500 biliyoni pa chaka.

Choncho aphungu a komiti ya bajeti, atolankhani ndi mabungwe omwe amaunika bajeti asiye kufunsa nduna kuti boma lili pa maperesenti angati. Afunse kuti, chiwongoladzanja chitachotsedwa ndipo kukwera mitengo kutawerengedwa, zotsala ndi zingati pa Mmalawi mmodzi, poyerekeza ndi chaka chatha. Afune kuti mwezi uliwonse Treasury izisindikiza zomwe yatumizadi ku khonsolo iliyonse ndi chipatala chilichonse, pambali pa zomwe zinavomerezedwa, pakuti bajeti yowerengedwa mu February ndi ndalama yofika ku Nsanje mu October ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pamodzi ndi bajeti pazibwera ndandanda wa ngongole zonse zosalipidwa kwa ogulitsa katundu, ngongole za makampani a boma zomwe boma laimira chikole, ndi misonkho yokhululukidwa, aliyense ndi mtengo wake. Lamulo loyendetsera ndalama za boma la 2022 ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, akupereka kale pogwira. Ndipo ngati misonkho yaperewera pakati pa chaka, Nyumba ya Malamulo ilembe momveka kuti ORT ya zipatala ndi sukulu za pulayimale ndi yomaliza kukhudzidwa, maulendo, misonkhano ndi galimoto zatsopano zikhale zoyamba.